NYIMBO ZACOKA PABWALO, ZALOWA M'KHUTU

Wolemba Mtolankhani Wathu ku Lundazi

Munthu woyenda madzulo m'makomboni a pa Boma la Lundazi sasowa nyimbo. Pa nyumba iyi pamveka kwaya ya chalichi, pa nyumba inayo kalindula, patsogolo pang'ono nyimbo za ku Malawi, ndipo zonsezi zituluka m'mabokosi akuda aja amene anthu awacha mawufa. Koma mukalowa m'nyumba zomwezo mudzapeza cinthu cina cimene kale kunalibe. Pakona pakhala mnyamata kapena mtsikana ali cete, foni iri m'manja, tizingwe tiri lende kucokera m'makutu, mutu ulikugwedezeka. Amace amuitana kamodzi, kawiri, katatu, iye osayankha. Si mwano ai. Mwanayo ali m'nyumba ndi thupi cabe, makutu ace ali kwina.

Nkhani imeneyi yautsa mikangano m'mabanja ambiri. Akulu ati nyimbo ziyenera kumveka pa sipika kuti onse a m'nyumba amve ndi kudziwa cimene mwana wao alikumvera. Acinyamata ati mahedifoni ndiwo abwino cifukwa amveketsa nyimbo bwino lomwe ndiponso sasokosera munthu wina. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo zoona. Koma pali cinthu cimodzi cimene cisiyanitsa zipangizo ziwirizi koposa zonse, ndipo ndico tifuna owerenga athu acilingalire. Sipika ikakwezedwa kopitirira muyeso, pamakhala wina amene adandaula. Mahedifoni akakwezedwa kopitirira muyeso, palibe amene adziwa, ngakhale mwini makutu yemwe, kufikira makutuwo ataonongeka.

WAILESI INAFIKA NGATI MLENDO WA MUDZI WONSE

Kuti timvetse cifukwa cace akulu akonda sipika, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, makamaka pofuna kuuza anthu za abale ao amene anapita kunkhondo. Masiku amenewo munthu wakuda wokhala ndi wailesi yaceyace anali wosowa. Mawailesi ocepa amene analipo anaikidwa pa maboma ndi pa mabwalo a mafumu, ndipo wofuna kumva nkhani anayenera kupita kumeneko ndi kukhala pansi pamodzi ndi anzace.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1949. Mkulu woyang'anira za zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, Harry Franklin, anapempha kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yochipa yoyendera batiri. Wailesiyo inachedwa Saucepan Special cifukwa inali yozungulira ngati poto wophikira. Inali yobiriwira ngati thambo, mtengo wace unali £5, ndipo batiri lace linali kugulidwa padera. Zaka zomwezo ndi zimene Bwana D.C. Errol Button anali kumangitsa nyumba ija ya Castle imene iri cilili pa Boma la Lundazi kufikira lero. Aphunzitsi, makalaliki ndi anthu obwera kucokera kumigodi ndiwo anayamba kugula mawailesi amenewa ndi kufika nao m'midzi.

Wailesi ya poto inalibe poloweka mahedifoni. Inali ndi sipika imodzi kutsogolo, ndipo mwini wace akaitsegula, anansi onse anali kubwera ndi mipando ndi mphasa zao. Anthu anali kulemba makalata ku Lusaka kupempha nyimbo pa pulogilamu ya Zimene Mwatifunsa, ndipo dzina la munthu likachulidwa, mudzi wonse unali kukondwera naye. Mau a Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mau amene anamwalira m'caka ca 1978, anthu ambiri anawamva koyamba ali m'gulu lotere, pabwalo, moto ulikuyaka.

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, mwambo wakumvera pamodzi unapitirira. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mabanja anali kufulumira kudya nsima kuti asaphonye nthano za a Julius Chongo pa Poceza m'Madzulo, mmene munthu mmodzi anali kusintha mau ace kukhala nkhalamba, mwana, mkazi kapena fisi. Alimi naonso anali ndi magulu ao a Radio Farm Forum, amene anali kusonkhana pa wailesi imodzi, kumvera za ulimi, ndi kukambirana zimene amva pulogilamu itatha. Pa zonsezi kumvera kunali ciyambi cabe. Cofunika cinali kukambirana ndi kuseka kumene kunatsatira pambuyo pace.

MASIKU A GUMBAGUMBA

M'zaka za m'ma 1970 munthu wolemekezeka anali kudziwika ndi rediyogilamu m'cipinda cocezera, bokosi lalitali la matabwa lokhala ndi wailesi ndi galamafoni pamodzi, loyalidwa kansalu koluka pamwamba. Mawailesi a Supersonic anali kupangidwa m'dziko mwathu muno ku Livingstone, ndipo mbale za nyimbo zinali kudindidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal. M'zaka zomwezo Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Kenneth Kaunda, analamula kuti pa nyimbo 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'Zambia. Lamuloli linapatsa mphamvu oimba athu, ndipo maina monga Paul Ngozi ndi gulu lace la Ngozi Family, gulu la WITCH, Rikki Ililonga ndi Emmanuel Mulemena anamveka m'nyumba zambiri. Kuno ku Lundazi, pokhala pafupi ndi malire, anthu anali kugwiranso wailesi ya ku Malawi ndi kumva gitala ya Daniel Kachamba ndi banjo ya Allan Namoko.

Kumidzi kunali gumbagumba, galamafoni yolumikizidwa ku masipika akuluakulu. Pa ukwati, pa mowa wa malonda, pa tsiku la Khirisimasi, mwini gumbagumba anali kulandiridwa ngati mfumu. Bvuto linali mabatiri. Pa nthawi ya kusowa kwa zinthu m'masitolo, mabatiri ocokera ku fakitale ya ku Mansa anali kusungidwa ngati ndalama, ndipo akafooka anali kuyanikidwa padzuwa kuti agwirenso nchito usiku umodzi. Ena anali kunyamula batiri la galimoto pa njinga mtunda wautali kukalichajitsa pa Boma. Munthu sakadabvutika cotere cifukwa ca makutu ace okha. Anali kubvutikira anthu onse amene adzabwera kudzabvina.

KUMENE MAHEDIFONI ANACOKERA

Codabwitsa ncakuti kumaiko a Azungu mahedifoni ndiwo anayamba, sipika inabwera pambuyo. M'caka ca 1910 munthu wina wa ku Utah m'dziko la America, dzina lace Nathaniel Baldwin, anali kupanga mahedifoni ndi manja pa tebulo la m'khichini mwace ndi kuwagulitsa kwa asilikali a pamadzi. Mawailesi oyamba a m'nyumba anali ofooka kotero kuti munthu sanathe kumva kanthu popanda kubvala mahedifoni. Sipika ya mtundu umene tiri nao lero inapangidwa m'caka ca 1925 ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric, ndipo kuyambira pamenepo banja lonse linatha kumvera pamodzi.

Mahedifoni opangidwira nyimbo makamaka anatuluka m'caka ca 1958, pamene John Koss wa ku Milwaukee anayamba kuwagulitsa. Koma cimene cinawatulutsa m'nyumba ndi kuwaika pamseu ndi kamakina koimbira makaseti kochedwa Walkman, kamene kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa mwezi wa July m'caka ca 1979. Ncofunika kudziwa kuti Walkman yoyamba inali ndi malo awiri oloweka mahedifoni, ndiponso kabatani kocepetsa nyimbo kuti anthu awiriwo alankhulane. Eni kampani anaopa kuti kumvera nyimbo wekha pakati pa anzako kudzaoneka ngati kupanda ulemu. Posakhalitsa anaona kuti ogula analibe nazo kanthu zimenezo, ndipo zinacotsedwa.

Kuno kwathu Walkman inali ya ana a olemera ndi obwera kucokera ku Lusaka kapena ku Joni. Cimene cinalowetsa mahedifoni m'mudzi uli wonse ndi foni ya m'manja. Mafoni ambiri ochipa ali ndi wailesi ya FM m'kati, koma wailesiyo sigwira popanda kuloweka cingwe ca mahedifoni, cifukwa cingweco ndico cigwira nchito ya mlongoti. Motero mlimi wofuna kumva zidziwitso za maliro kapena mitengo ya soya pa Radio Chikaya anaphunzira kuika tizinthuti m'makutu. Pambuyo pace kunabwera timakhadi tosungira nyimbo mazanamazana, kenaka mahedifoni opanda zingwe oyendera Bluetooth, amene lero agulitsidwa pa matebulo a mumsika pamodzi ndi machaja ndi matochi.

KODI MAU AMASIYANA BWANJI?

Acinyamata akanena kuti mahedifoni amveketsa bwino nyimbo, sanama ai. Nyimbo zambiri zijambulidwa m'njira yochedwa sitiriyo, imene inapezedwa ndi Alan Blumlein wa ku Britain m'caka ca 1931. M'njira imeneyi mau agawidwa pawiri, ena a kumanzere ndi ena a kumanja. Mukabvala mahedifoni, mau a kumanzere apita ku khutu la kumanzere lokha, a kumanja ku khutu la kumanja lokha, popanda cosokoneza pakati. Cifukwa cace mumva tinthu ting'onoting'ono timene pa sipika titayika: kupuma kwa woimba, cala cikukwecesa pa nsambo ya gitala, mau a munthu mmodzi pakati pa kwaya. Koma nyimboyo imveka ngati iri m'kati mwa mutu wanu, zimene sizicitika mukamaonera oimba ndi maso.

Pa masipika zinthu ziyenda mwa njira ina. Mau ocokera ku sipika iri yonse afika ku makutu onse awiri, koma afika msanga pang'ono ku khutu limene liri pafupi. Kusiyana kwa nthawiyo sikufika ngakhale gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, komabe ubongo ukuzindikira, ndipo ndiko kumene kutiuza kuti gitala iri uku, ng'oma iri uko. Umu ndi mmene timvera zinthu zonse pa umoyo wathu, ndiye cifukwa cace nyimbo ya pa masipika imveka ngati oimba aima patsogolo panu.

Bvuto la masipika ndi cipinda. Mau sapita ku makutu okha, agundanso zipupa, denga ndi pansi, ndi kubwerera. Nyumba ya malata yopanda siling'i, ya simenti pansi ndi zipupa zosalala, ibweza mau kwambiri kotero kuti nyimbo isanduka phokoso. Nyumba ya udzu, kapena cipinda cokhala ndi makatani, mipando ya nsalu, mphasa ngakhale matumba a cimanga, imeza mau obwererawo ndipo nyimbo imveka bwino. Anthu ambiri aononga ndalama pogula wufa yaikulu pamene cosowa cinali kuika bwino imene ali nayo kale. Masipika awiri sayenera kuunjikidwa pamodzi pa kabati. Atalikirane, ayang'ane kwa womvera, akhale pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi, ndipo mtunda wa pakati pao ulingane ndi mtunda wocokera pa sipika iri yonse kufika pa mpando. Wufa ikaikidwa pakona penipeni, mau ace akuya acuruka ndi kuphimba mau a woimba.

Pali cinthu cimodzi cimene mahedifoni sangathe konse. Ali yense amene anaimapo pafupi ndi ng'oma za Vimbuza kwa Atumbuka kapena za Gule Wamkulu kwa Acewa adziwa kuti ng'oma simveka ndi makutu okha. Igunda m'cifuwa, m'mimba ndi kumapazi. Sipika yaikulu ikankha mpweya wa m'cipinda ndipo ibweretsako pang'ono kugunda kumeneko. Mahedifoni akankha kampweya kocepa ka m'khutu cabe. Apa ndipo pagona msampha: womvera, pofunafuna kugunda kumene thupi lace silikumva, akweza mau, nakwezanso, osadziwa kuti cimene afuna sicidzabwera.

MAGETSI NDI NDALAMA

Pa nkhani ya ndalama mahedifoni apambana kutali. Ndi ndalama zocepa munthu apeza mahedifoni omveka bwino koposa wufa ya mtengo wapatali. Ogula mawufa acenjere ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni pamodzi ndi malemba akuti PMPO. Manambala amenewo ndi okopa ogula cabe. Mphamvu yeniyeni ya sipika ilembedwa ndi malemba akuti RMS, ndipo kawirikawiri ikhala yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi ija ya pa katoni.

Pa nkhani ya magetsi, mahedifoni apambananso. Sadya ngakhale wati imodzi, pamene wufa ifuna mawati makumi angapo. Anthu a ku Lundazi adziwa bwino bvuto la magetsi. Kwa zaka zambiri boma lino linali kudalira magetsi ocokera ku Malawi, ndipo midzi yambiri kufikira lero idalira sola. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kuzima maola oposa 20 pa tsiku m'madera ena a dziko lino. Masiku amenewo mawufa anakhala cete ngati mabokosi wamba, koma foni yochajidwa pa kasola kakang'ono inali kuimbabe m'makutu mwa mwini wace. M'nyumba imene batiri limodzi la sola liyenera kuunikira ana owerenga ndi kuchaja mafoni a banja lonse, kuimba wufa usiku wonse ndiko kulanda anzako kuwala.

MLONDA WA MAKUTU

Ubwino wina wa mahedifoni ndi mtendere. M'nyumba za lendi zogundana, mmene cipupa cimodzi cilekanitsa mabanja awiri, wufa ya mnansi ndi mtanda wolemera. Pali wodwala amene afuna kugona, mwana wa Giredi 12 amene akonzekera mayeso, namwino amene wagwira nchito usiku wonse. Milandu yotere ifika kwa anyakwawa ndi kwa akulu a m'makomboni kawirikawiri. Munthu womvera pa mahedifoni sacimwira mnansi ali yense.

Koma taonani mbali ina ya nkhani yomweyi. Kudandaula kwa mnansi, kapena mau a amai akuti, "Iwe, cepetsako wailesiyo!", ndiwo mlonda wa makutu a banja lonse. Sipika ya m'nyumba isanafike pa mlingo woononga makutu, wina akhala atadandaula kale. Ndiponso sipika iri patali, ndipo mau afooka akamayenda mtunda. Mahedifoni alibe mlonda wotere. Akhala pakhomo penipeni pa khutu, ndipo ngakhale mwana atakweza mpaka pothera, amace okhala naye pa mphasa imodzi sadziwa kanthu.

M'kati mwa khutu muli kanthu kopindika ngati cigoba ca nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi tiubweya, pafupifupi 16,000 m'khutu liri lonse. Timeneti ndi timene tisandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu litilemetsa, ndipo likapitirira kwa nthawi yaitali tifa. Khungu likang'ambika lipola, fupa likathyoka lilumikizika, koma timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Palibe mankhwala a kucipatala kapena a cikuda amene angatibweze.

Kukula kwa mau kuyesedwa ndi muyeso wochedwa desibelo. Anthu awiri oceza bwinobwino alankhula pa madesibelo pafupifupi 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti munthu wamkulu angamvere mau a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi, ndipo kwa ana muyeso ndi madesibelo 75. Mau akakwera pang'ono, nthawi icepa kwambiri. Pa madesibelo 90 nthawi yololedwa ndi maola 4 pa sabata. Pa madesibelo 100 ndi mphindi 20 cabe pa sabata yathunthu. Tsono foni yokwezedwa mpaka pothera ingathe kutulutsa madesibelo oposa 100 m'mahedifoni. Mnyamata amene amvera cotere pa basi kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, watha muyeso wa masabata ambiri pa ulendo umodzi. Ndipo pa basi, pa cigayo ndi mumsika ndi pamene anthu akweza kwambiri, pofuna kuphimba phokoso lowazinga.

Bungwe lomwelo linacenjeza m'caka ca 2015 kuti acinyamata oposa biliyoni imodzi a zaka zapakati pa 12 ndi 35 ali pa ngozi yoononga makutu ao cifukwa ca kamvedwe kosayenera, ndipo tsiku la 3 March caka ciri conse lapatulidwa kukumbutsa anthu za makutu. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. Kugontha kwa mtundu umenewu sikupweteka ndipo sikutulutsa magazi. Kuyamba ndi kulira kwa m'makutu ngati nyenje munthu akabvula mahedifoni. Pambuyo pace amva kuti anthu alikulankhula koma mau sawagwira bwino, makamaka pa gulu. Ayamba kufunsa kuti, "Mwati bwanji?" kawirikawiri. Mwana wa sukulu wotere aphunzitsi amuyesa wamphwayi, pamene iye samva zimene zinenedwa kutsogolo.

Mtolankhani wanu anaziona yekha zimenezi. Atayenda ulendo wa tsiku lathunthu kucokera ku Lusaka ali ndi mahedifoni m'makutu, anagona usiku umenewo alikumva mluzu wosatha m'mutu. Mluzuwo unatha patapita masiku awiri, koma a zaumoyo anena kuti cimeneco ndi cizindikiro cakuti makutu alemedwa, ndipo cikabwerezedwa kawirikawiri tsiku lina sicidzathanso.

Tisanamizire mahedifoni okha. Masipika akuluakulu a pa ukwati, m'mabala, pa misonkhano ngakhale m'machalichi ena aononganso makutu, makamaka a ana amene akonda kubvina pamaso penipeni pa sipika ndi a makanda obelekedwa kumsana. M'caka ca 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti pa malo a zisangalalo mau asapitirire madesibelo 100. Koma phwando ndi la tsiku limodzi. Mahedifoni ndi a tsiku ndi tsiku.

PANJIRA NDI KUMUNDA

Pali ngozi inanso imene sidikira zaka. Makutu ndiwo maso athu a kumbuyo. Wopalasa njinga pa mseu wa ku Chipata kapena wa ku malire a Lusuntha adziwa kuti galimoto iri kumbuyo cifukwa ca kumva. Akatseka makutu onse awiri ndi nyimbo, hutala ya lole aimva mocedwa. Cimodzimodzi anyamata oyendetsa njinga zamoto zonyamula anthu, amene asenza umoyo wa munthu wina kumbuyo kwao. Anzathu a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango za Kasungu ndi Lukusuzi, kumene njobvu zabvuta kwambiri kuyambira pamene njobvu 263 zinasamutsidwira ku Kasungu m'caka ca 2022, adziwa kuti wolonda munda usiku apulumuka cifukwa ca kumva nthambi ikuthyoka. Malo otere si a mahedifoni.

NANGA TISANKHE CITI?

Yankho silakuti cimodzi citayidwe. Ciri conse ciri ndi nthawi yace. Pamene banja liri pamodzi, pa nkhani za madzulo, pa mapemphero, pa mpira, pa nyimbo zimene agogo ndi adzukulu angamvere onse, sipika ndiyo yoyenera. Mwana amene amva nyimbo zakale pa sipika ya atate ace afunsa kuti woimbayo ndani, ndipo pamenepo aphunzira mbiri. Kholo limene limva nyimbo za mwana wace pa sipika lidziwa zimene zirikulowa mu mtima mwace. Usiku anthu atagona, kapena pamene wina awerenga, kapena pamene munthu afuna kumvetsetsa bwino kaimbidwe ka nyimbo, monga acitira aphunzitsi a kwaya, mahedifoni ndiwo oyenera.

Kwa obvala mahedifoni, malangizo ndi awa. Musakweze mau kupitirira magawo 60 pa 100 a mphamvu ya foni. Foni ikakucenjezani kuti mau akwera kwambiri, musafulumire kudina kuti ipitirize. Pumitsani makutu kwa mphindi zingapo ola liri lonse. Ngati munthu woima pa mtunda wa mkono umodzi alankhula nanu ndipo simumumva, mau akwera kopitirira. Pa malo a phokoso, mahedifoni ophimba khutu lonse kapena okhala ndi timphira totseka bwino athandiza, cifukwa achinga phokoso la kunja ndipo simufunikanso kukweza. Musagone nao usiku wonse. Musabwerekane timahedifoni tolowa m'khutu popanda kutipukuta, cifukwa matenda a m'makutu angayende nato. Panjira bvulani, kapena siyani khutu limodzi lotseguka.

Amene amva kulira m'makutu kosatha, kapena aona kuti mwana wao samva bwino, asathire mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu. Apite ku kiliniki kapena ku cipatala ca boma ca Lundazi, kumene angawatumize ku Chipata Central Hospital kapena ku Lusaka, kumene zipatala za UTH ndi Beit CURE zipima makutu. Zimene zatayika sizibwerera, koma zotsala zingatetezedwe.

Kwa eni mawufa, pempho ndi lakuti akumbukire anansi, acepetse mau usiku, ndipo pa zisangalalo acotse ana pafupi ndi masipika.

Kwa makolo, kulanda mwana mahedifoni sikudzathetsa kanthu, cifukwa mawa adzagula ena mumsika. Cabwino ndi kukhala naye pansi, kumuuza za timaselo tija tosameranso, ndi kupangana naye nthawi imene mahedifoni abvulidwa, monga pa cakudya, pakafika alendo ndi poyenda pamseu. Nthawi zina mumpemphe kuti aike nyimbo yaceyo pa sipika kuti nonse muimve. Mwina simudzaikonda, monga makolo anu sanakonde magitala a Paul Ngozi, koma mudzakhala mutaimva pamodzi. Pa masiku a wailesi ya poto mudzi wonse unali mlonda wa makutu a mwana. Lero, pamene nyimbo zalowa m'khutu, mwanayo ayenera kuphunzitsidwa kudzilonda yekha, ndipo nchito yomuphunzitsa ndi ya ife a m'nyumba mwace.